Dimba la kuseri kwa khitchini: masamba, maluwa ndi alendo osaitanidwa

12 Ogasiti 2023

Lero tagaula. Malo ake ndi kuseri kwa khitchini, mamita 8 m'lifupi ndi 12 m'litali, pomwe panali dimba lathu lakale. Nyumba yathu ili m'munsi mwa phiri la Zomba, ndiye namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi madzi ochokera kumtunda anadzitsegulira njira pomwepo. Dothi lakuda linapita, mpanda wa tsekera unapita, anatisiyira katondo ndi miyala. Miyezi isanu yathayi palibe amene anali ndi mtima wogwirapo khasu. Ndizilemba zonse pano, ndalama ndi zolakwa zomwe, kuti wofuna kulima chilimwe pakhomo aone pomwe ine ndapunthwa.

Mnyamata wa ganyu wagaula masiku awiri, K7,000. Manyowa a nkhuku matumba 6 pa K2,000 lililonse, kuphatikiza K2,000 ya wakabaza. Mgolo wa malita 200, wogwiritsapo kale ntchito, K25,000, ndipo ndiwo wandipweteka kwambiri m'thumba. Keni ya malita 10, K6,500. Tsekera mitolo 10 ndi nsungwi 12 za mpanda, K14,000. Mbewu za repu, mpiru, therere lobala ndi tomato wa Tengeru, K7,500. Nthanga za maungu ndi njere za bonongwe atipatsa ulere agogo a kuseri kwathu, zomwe amasunga m'chitini cha mkaka. Pamodzi ndi mbewu za maluwa za K3,000, zonse zakwana K77,000.

Tapanga mabedi 6, lililonse mita imodzi m'lifupi, mamita 5 m'litali, opingasa mtsetse. Kumtunda kwake takumba ngalande yofika m'bondo yoti izikhotetsa madzi a mvula. Ikanakhalapo mu Malichi mwina sitikanagulanso dothi ndi thukuta.

Za maluwazo panali mlandu. Mwana wathu wamkazi, wa Sitandade 6, anati, "Bambo, bedi limodzi likhale langa." Ndinamufunsa ngati maluwa amadyera nsima. Mayi ake anangoti, "Mupatseni mwanayo, inu mabedi asanu sakukwanirani?" Ndagonja. Wafesa zinnia ndi marigold pa bedi la m'mbali, mpendadzuwa wadzala motsata mpanda. Mumtima ndikuwerengera makeni atatu a madzi tsiku lililonse opita ku zinthu zosadya.

26 Ogasiti

Nazale yapsa. Tomato ndi repu zinamera bwino tsiku lachisanu ndi chimodzi, kenaka timasamba tinayamba kuchita chikasu m'mphepete, tsinde n'kufota. Ndinakangana nayo nkhaniyi m'mutu masiku awiri, ndikumuda wogulitsa mbewu. Agogo a kuseri atabwera anangotapa dothi la pa nazale, kulinunkhiza, n'kundipatsa kuti ndinunkhizenso. Linali kununkha khola. "Mwanawe, manyowa awa ndi aawisi. Wawotcha wekha mbande zako."

Zoona, manyowa ndinawathira ochokera m'matumba tsiku lomwelo, ndipo pa nazale ndinachita kuwonjezera dala poganiza kuti ndikuzikonda. Bedi la maluwa lokha lapulumuka, poti pamenepo sitinathirepo manyowa. Mwana akungondiyang'ana osanena kanthu.

Chomwe ndachita: matumba awiri otsala ndawakhuthulira pamulu, ndasakaniza ndi masamba ouma ndi phulusa, ndathira madzi n'kuphimba ndi masaka. Mabedi ndawathirira kwambiri masiku atatu otsatizana ndipo ndiwasiya sabata ina. Repu ndi mpiru ndafesanso pa dothi la pansi pa mtengo wa mango. Tomato sindifesanso chifukwa nthawi yatha, ndikagula mbande zokulakula kumsika. K2,500 ina imeneyo.

9 Seputembala

Tomato 40 ndinawokera Loweruka lapitali madzulo, motalikana masentimita 50. Lolemba m'mawa asanu anali atadulidwa m'tsinde ngati ndi lezala. Lachiwiri ena anayi, ndipo awiri mwa iwo mitu yake siinapezeke n'komwe.

Ndinaganiza mbozi zam'nthaka, ndinafukula m'mbali mwa mbande koma mbee. Anaulula ndi mdzukulu wa agogo aja, mnyamata wa zaka ngati zisanu ndi zinayi. Anayendayenda m'mbali mwa bedi akuyang'ana pansi, n'kuloza kamulu ka dothi lofewa ngati la mfuko wamng'ono. Anakankha dothilo ndi chala, panaoneka una, ndipo m'kamwa mwa unawo munali tsamba la tomato wanga. "Ndi nkhululu izi, amalume." Anabwera ndi anzake awiri ndi kakhasu, pofika masana anali atakumba zisanu ndi ziwiri, zonenepa. Anakaziwotcha okha. Ndinawapatsa K500 ya maswiti, koma ndikuona kuti akanagwira ntchitoyo ngakhale popanda ndalama.

Mbande zotsala ndaziveka mabotolo apulasitiki odula mbali zonse ziwiri, okwiriridwa pang'ono m'dothi. Kuyambira Lachitatu palibe yadulidwa. Zakufa ndabwezeretsa ndi mbande zomwe zinatsala powokera. Amene mukuwokera mwezi uno, valitsani mabotolo tsiku lomwelo, musadikire kuti muone kaye ngati kwanu kuli nkhululu. Dothi lonyowa pakati pa malo ouma zimalipeza.

7 Okutobala

Apa ndiye ndalakwa kwenikweni, ndipo ndilemba motalikirapo.

Kutentha kutayamba, mpiru ndi repu zinagwidwa nsabwe kunsi kwa masamba, zotuwa, zounjikana mpaka tsamba kupindika. Mpiru wina unali utayamba kale kutulutsa maluwa achikasu chifukwa cha dzuwa. Ndinagula kabotolo ka mankhwala a tizilombo K4,500, ndinabwereka sipuleya, ndipo Loweruka lapitali cha m'ma 8 koloko m'mawa ndinapopera dimba lonse. Lonse ndithu, ndi maungu omwe, amene analibe nsabwe ndi imodzi yomwe. Zolembedwa pabotolo ndinawerenga mlingo wokha. Safunsa anadya phula.

Madzulo mwana anabwera ndi chivundikiro cha botolo atatoleramo njuchi zakufa 11. Zina anazipeza m'kati mwa maluwa a maungu, zitapinda miyendo, ufa wachikasu uli mbuu pathupi. Sanalire, anangoika chivundikirocho patebulo pomwe ndimadyera.

Sabata yonse yathayi maluwa aakazi a maungu, aja okhala ndi kadzungu kunsi, akhala akutseguka m'mawa, pofika masana n'kutseka, patapita masiku awiri kadzunguko n'kuchita chikasu, kugwa. Asanu ndi limodzi atayika chonchi. Masambanso sitinathyole sabata yonse podikira kuti mankhwala athe mphamvu, ndiye tinali kugula ndiwo kumsika dimba lili biriwiri kuseri.

Kukonza kwake kwakhala kwa manja. Mbandakucha ndimathyola duwa lalimuna, la phesi lalitali lopanda kadzungu, kulisenda mapetalo, n'kukhudzitsa kamtima kake pakati pa duwa lalikazi. Awiri omwe ndinachita Lachinayi agwira, akula ngati dzira la nkhuku. Nsabwe nazo sizinathe zonse. Tsopano ndikusinja masamba a nimu odzaza manja awiri, kuviika usiku wonse m'malita 5 a madzi, kusefa, kuthiramo kasopo pang'ono, n'kuwaza madzulo dzuwa litalowa njuchi zitapita. Siziferatu nthawi imodzi ngati ndi mankhwala ogula, pamafunika kubwereza pakapita masiku anayi kapena asanu. Masamba ogwidwa kwambiri ndimangothyola n'kukwirira. Kabotolo kaja ndakakweza pamwamba pa kabati.

16 Okutobala

Lero ndi tchuthi cha Tsiku la Anakubala, poti pa 15 linali Lamulungu. Zinnia wayamba kumasula sabata yathayi, wofiira, wapinki ndi wina wonga papaya wakupsa, ndipo mwana anadula asanu ndi awiri n'kuwaika m'kapu ya tiyi kuti apatse mayi ake. Ine amene ndinkati maluwa sadyera nsima ndinapita chimanjamanja.

Njuchi zabwerera, ndipo zayambira pa bedi lake lomwelo. Zikachoka pa zinnia ndi mpendadzuwa zikulowa m'maungu, moti kuyambira Lachisanu ndasiya ntchito ya mbandakucha ija. Agulugufe nawo ndi ambiri. Kukubweranso timbalame ta milomo yaitali yokhota, tonyezimira pakhosi, timene timayamwa timadzi ta m'maluwa.

Koma nkhani yaikulu mwezi uno ndi madzi. Nyenje zikulira tsiku lonse, jakaranda wachita maluwa m'tauni monse, ndipo phiri likusuka utsi wa moto wolusa. Mgolo umodzi ukutha tsiku limodzi: makeni 15 m'mabedi, otsalawo maungu ndi mpendadzuwa. Bilu ya madzi yachoka pa K9,000 kufika pa K16,000. Ndaphimbira mabedi onse ndi udzu wouma wokhuthala ngati chikhatho, K2,000, ndipo madzi otsukuluzira mbale ndi mpunga akupita ku maluwa. Pa tomato ndikuthirira patsinde pokha.

Dzulo titachoka kutchalitchi tinadutsa ku Botanic Garden, komwe kumadutsa mtsinje wa Mulunguzi. Mwana anakhala nthawi yaitali akuyang'ana mbalame zikusamba pamiyala. Pobwerera anati, "Bambo, kwathu zija zimabwera ndi ludzu." Sindinaganizepo. Kuyambira pampanda wathu kukafika kunkhalango zonse zauma gwa, malo onyowa ndi dimba lathu lokha. Apumbwa akhala akujompha mapapaya ndi kambuzi, ndipo m'mawa ndimawapeza akumwa timadontho ta pa mlomo wa keni.

Tatenga phale la mtsuko wosweka, taliika pa njerwa zitatu pansi pa mango, kutali ndi mabedi, tathiramo madzi ndi miyala iwiri yoti njuchi ziziterapo zisamire. Mtengo wake palibe. Pasanathe ola panatera apumbwa awiri, kenaka njiwa, kenaka mpheta gulu. Gulo wa mutu wobiriwira anatsika mumtengo cham'mbali, kugwedeza mutu katatu, n'kumwa nawo.

29 Okutobala

Apusi. Anasankha Lamulungu m'mawa tonse tili kutchalitchi, ngati amadziwa ndondomeko ya mapemphero. Tinapeza mpendadzuwa isanu yothyoledwa makosi, dzungu lalikulu lija loyamba litalumidwa mbali imodzi n'kusiyidwa, ndi tomato wosapsa 23 ali mbwee pansi. Chimene chimapweteka ndi chimenecho: pusi sadya n'kumaliza. Amaluma kamodzi, waona kuti ngowawasa, wataya, wathyola wina.

Aneba akuti anali ngati khumi, ndi ana kumsana ndi kumimba. Amayi a nyumba yoyandikana anayesa kuwakuwiza koma chachimuna chachikulu chinangowayang'ana chili khale pa mgolo wanga. Chivundikiro cha mgolo anachigwetsa, ndipo m'mphepete munali timapazi tamatope. Nawonso ludzu lomwelo.

Zomwe ndayesa sabata ino. Chidole cha malaya anga akale ndi chipewa: chinagwira ntchito masiku awiri, tsiku lachitatu mwana wa pusi anakhala paphewa pake. Legeni: imathandiza ngati munthu alipo, ndipo angoiona m'manja amathawa usanaponye, koma ine ndimakhala kuntchito. Neti yakale ya udzudzu, yong'ambika kale, ndinakuta nayo tomato: imaletsa apumbwa, koma pusi amangoikweza ngati nsalu ya pakhomo. Wina kuntchito anandiuza za kuika poizoni mu nthochi. Ayi. Pano pamadutsa ana, nkhuku za eni ndi agalu, ndipo chivundikiro cha njuchi chija sindinachiiwale.

Chatsala ndi waya wa nkhuku, kumanga ngati khola kuzungulira mabedi awiri a tomato ndi pamwamba pomwe. Ndafunsa mtengo: mamita 30 ndi K60,000. Ndalama yonseyo ndilibe, ndagula theka K30,000, lakwana bedi limodzi ndi chitseko. Mgolo ndaumanga chivundikiro ndi waya, pamwamba ndaikapo mwala. Chimanga chachiwisi chomwe ndimafuna kudzala m'mphepete ndasiya, kungakhale kuwaitana ndi belu.

11 Novembala

Ndinapita kukatenga theka lina la waya lija. Lachinayi kwacha yagwa ndi 44 peresenti, dola yachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo mashopu ena anali otseka akusintha mitengo. Komwe kunali kotsegula theka lomwelo akuti K45,000. Ndinabwerako manja lende. Bedi lachiwiri ndalitchinga ndi nsungwi zong'alula, zolukana motalikana zala zitatu, K5,000 pamodzi ndi luzi. Silooneka bwino koma dzanja la pusi likulephera kufika pa zipatso za pakati.

Vuto lina ndi la madzi ndithu. Sabata yatha mpopi unauma masiku anayi. Mgolo unatha tsiku lachiwiri, masiku awiri tomato anagona ndi ludzu, ndipo madzi atabwera ndinathira mobwezera. Tsopano zipatso zambiri za phava loyamba zada kunsi, zolowa m'kati ngati zapsa ndi ndudu. Ndinathamangira kuganiza za matenda, koma mlangizi wina amene timapemphera naye anati si matenda opopera, ndi kumwa modukizadukiza, lero chilala mawa chigumula. Ndathyola zonse zakuda, 31, kuti mtengo usataye mphamvu. Lamulo latsopano: mgolo usatsike kupitirira theka mpopi ukutuluka, ndipo madzi akavuta oyamba kumwa ndi tomato, repu adikire.

Apumbwa sakujomphanso kwambiri chiikireni phale. Sindinganene kuti asiyiratu, papaya wakupsa samukhululukira. Phalelo limafuna kutaya madzi ndi kutsuka pakapita masiku awiri. Nditaiwala masiku asanu ndinapezamo timphutsi ta udzudzu tikuvinavina.

25 Novembala

Tomato woyamba wapsa, tadya ndi usipa. Takolola beseni limodzi sabata ino ndipo mayi a kunyumba agulitsako milu ingapo pakhomo.

Udzu wophimbira uja wabweretsa mbewa. Zikuboola tomato wam'munsi usiku ndipo zadya nthanga za dzungu lomwe apusi analuma. Ndinatchera misampha iwiri, K1,500, inagwira zitatu. Ndiye Lachiwiri usiku kunamveka kulira pa mtengo wa mango, kwa kadzidzi. Lachitatu m'mawa agogo a kuseri anali pampanda ndisanasambe n'komwe.

"Mwanawe, wamva usiku? Chimbalame chimenechi chisazolowere pano. Dula nthambi imeneyo, kapena uwotche tsabola pansi pake."

"Agogo, chabwerera mbewa zomwe zikundithera tomato."

"Mbewa zili ponseponse. Chasankhiranji mtengo wako?"

Sindinawatsutse, ndi akuluakulu ndipo anandipulumutsa pa manyowa paja. Ndinangowatengera pansi pa mtengo. Panali timibulu tiwiri totuwa tomwe kadzidzi amalavula, ndipo nditaswa kamodzi ndi kamtengo munali ubweya, timafupa ndi kachigaza ka mbewa, mano ake achikasu ali gwa. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenaka anati, "Chabwino, koma chikatera padenga langa ndibwera ndi chikwanje ndekha." Nthambi ilipobe.

Mlendo amene sindinamulandire ndi nalikukuti. Lachisanu ndikumangirira tomato ku nsungwi ndinagwira dzanja m'mwamba nditaona kuti kamtengo kamodzi kali ndi diso. Inali itatambalala pa mpanda osagwedezeka, mutu uli chakumene kumakhala bilimankhwe wa pa mpendadzuwa. Njoka imeneyi ululu wake ndi woopsa ngakhale siyothamangira kuluma. Ndinaigwedezera mpanda ndi nsungwi yaitali, inatsetsereka kupita kutchire. Mwana ndamuuza kuti asalowetse dzanja m'zitsamba asanagogode ndi ndodo, ndipo zitsamba zotsamira mpanda ndasadza.

16 Disembala

Mvula yagwa yeniyeni sabata ino. Ngalande yagwira ntchito, madzi anadutsa m'mbali, mabedi ali chilili. Usiku woyamba ngumbi zinatuluka pachulu cha kuseri kwa mpanda, ana anatola mabeseni, achule nawo anadzaza pansi pa getsi la pakhonde akudya mpaka kulephera kudumpha. Achule awiri akhazikika pansi pa mgolo, ndawasiya.

Phale lasowa alendo. Apumbwa akubwera mwa apo ndi apo, apusi sitinawaone masiku khumi. Kuphiri kwamera zakudya ndipo madzi ali paliponse.

Walira mvula walira matope. Tomato wagwidwa chiwawu, masamba am'munsi achita mawanga akuda, ena afika kale patsinde. Ndinachedwa kuthyola masamba okhudza pansi, ndipo mu khola la waya muja ndinadzala mothithikana moti mphepo siyidutsa. Ndathyola odwala onse n'kukawotcha, ndagula mankhwala a chiwawu a Dithane K6,000 ndipo ndikupopera madzulo pa tomato pokha. Bedi la nsungwi ndaliona kuti silichira, ndazula. Nkhono zikuluzikulu zatulukanso, zikumaliza mbande za mpiru. Tikuzitola ndi tochi cha m'ma 8 koloko usiku, dzulo 26, ndipo udzu wophimbira ndauchotsa pa mabedi a masamba chifukwa ndimo zimabisala masana.

Bonongwe, chisoso ndi luni zamera zokha paliponse pomwe panagwera manyowa. Izi sizinandidyere tambala.

15 Januwale 2024

Tchuthi cha Chilembwe ndachithera pa therere. Lakhala lopinimbira chidzalireni, masamba achikasu, kufota masana ngakhale dothi lili lonyowa. Ndinathira manyowa owola aja, osasintha. Lero ndazula limodzi: mizu yonse ili ndi timatuza ngati mikanda. Ndi tinyongolotsi tam'nthaka tosaoneka ndi maso. Mizu ya tomato wa bedi la nsungwi inali chimodzimodzi, ndinangoiona osaiganizira.

Ndazula lonse n'kuwotcha mizu. Pa mabedi awiriwo sipabweranso therere, tomato kapena mabiringanya chaka chino. Ndadzalapo marigold mothithikana, chifukwa mizu yake imachepetsa tinyongolotsi timeneti akakhalapo miyezi iwiri kapena itatu. Mbande sindinagule: pansi pa bedi la mwana zamera zokha mazanamazana kuchokera ku njere zakugwa. Anandigulitsa K50 iliyonse mwanthabwala, kenaka anati ndingomugulira kope.

Anunkhadala afika pa nkhwani ndi pa zinnia. Mbalame siziwadya, ngakhale nkhuku za aneba zimangowadutsa. M'mawa kusanatenthe amakhala aulesi, timawagwetsera m'ndowa ya madzi a sopo.

17 Febuluwale

Ng'amba. Masabata atatu tsopano popanda mvula yolozeka, mwezi umene timayenera kudandaula matope. Chimanga cha anthu m'minda ya m'mbali mwa msewu wa ku Blantyre chapota masamba ngati anyezi, chikufuna kumasula. A zanyengo ananeneratu chaka chatha za El Niño, nyengo yochepetsa mvula kuno, ine ndinamva koma sindinasunge madzi a padenga pamene inkagwa mu Disembala. Mgolo wachiwiri ndi kampopi ka m'mphepete mwa malata zikanandipatsa madzi aulere a masiku angapo. Tsopano ndabwerera ku keni ndi bilu, ndipo udzu womwe ndinachotsa ndaubwezeretsa.

Alendo onse abwerera tsiku limodzi ngati anaitanizana. Phale likuuma pofika masana, tikuthira kawiri. Apusi anabwera Lachitatu, anayesa chitseko cha khola la waya, analephera, anakathera ukali pa mitu ya mpendadzuwa yomwe timasungira mbewu. Yotsala inayi taiveka matumba a shuga akale, omanga pakhosi. Madzulo ano kunabwera kanyama komwe sitinakaonepo, changa, maso ake akuwala pa tochi mumtengo wa mango pamwamba penipeni pa phale.

24 Malichi

Dzulo Pulezidenti Chakwera walengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha chilala. Dimba la mamita 8 kwa 12 silingalowe m'malo mwa munda wa chimanga, koma ndiwo pakhomo pano sitinagule kuyambira pakati pa Okutobala, kupatula nyemba ndi usipa.

Ndawerengera. Zolowa zonse, kuyambira K77,000 yoyamba ija, mbande, maswiti a okumba nkhululu, mankhwala awiri, udzu, waya, nsungwi ndi misampha, zakwana K129,000. Madzi owonjezera pa bilu miyezi yonseyi ndi pafupifupi K30,000. Zogulitsa pakhomo, tomato, repu ndi nkhwani, mayi a kunyumba alemba K41,000 m'kope lawo. Maungu takolola 14, atatu tapatsa agogo. Mgolo, keni, waya ndi mpanda zikhalapo chaka chamawa, ndiye sindikuziona ngati zotayika. Zotayika zenizeni ndi nazale yoyamba, kabotolo ka pamwamba pa kabati, bedi la therere ndi tomato 54 amene anathera apusi ndi ludzu.

Mbewu zomwe tasunga: zinnia envulopu ziwiri, marigold chitini chodzaza, mpendadzuwa mitu itatu poti umodzi unaola m'thumba, nthanga za dzungu lokoma kwambiri lija, ndi bonongwe. Zonse tasakaniza ndi phulusa, zili m'mabotolo otseka.

Mwezi wa mawa ndifesa kabichi, anyezi ndi karoti za nyengo yozizira pa mabedi atatu a kumtunda. Mgolo wachiwiri ndafunsa, akuti K38,000, ndiyamba kusunga kumapeto kwa mwezi. Mwana wapempha mabedi awiri a maluwa m'malo mwa limodzi. Tagwirizana bedi limodzi ndi theka, ndipo kutsuka phale ndi ntchito yake.